Gemu Imene A Malilime Anamasulira Mokhota

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi a Malilime ankaima pamalo amodzi m'khoti, pakati pa bokosi la mboni ndi tebulo la woweruza, mpaka simenti ya pamenepo inasalala ndi nsapato zawo. Ntchito yawo inali kumasulira. Mboni ikayankhula m'chinenero chake iwo ankatembenuzira woweruza m'Chingerezi, ndipo loya akafunsa funso lake lopotapota ankalibweza kwa mboni lili lopotapota momwemo. Dzina la Malilime anawapatsa ndi alonda a pageti. Linawakakamira moti ngakhale akazi awo ankawaitana nalo akawakwiyira.

Sanali munthu woti n'kumuimbira nyimbo. Anali wamfupi, wouma nkhope, wosachedwa kuntchito komanso wosachedwa kuweruka. Tsiku lina woweruza anawayamikira pagulu kuti sanawagwirepo akukhotetsa mawu a munthu, iwo n'kuyankha kuti sikelo saiyamika ikayeza bwino, amangoitaya ikayamba kunama. Lamulo lawo linali lalifupi: osawonjezera, osachotsera. Mboni ikatukwana ankatukwana m'Chingerezi ataweramitsa mutu. Ndipo monga mwa ntchitoyo, ankayankhula ngati eni mawu. Wakuba akati analowera pawindo, a Malilime ankati, “Ndinalowera pawindo.” Mwa njira imeneyi anali atavomera kale kuthyola masitolo osawerengeka ndi kumenya apongozi angapo, nkhope osaisintha.

Mavuto awo sanachokere kukhoti. Anachokera kuchipinda chakumbuyo cha nyumba yawo, kumene kunkagona achimwene awo.

Achimwene awowo anthu ankawatchabe a Dalaivala, ngakhale panali patapita zaka zitatu asanagwire chiwongolero. Anayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali kuyambira unyamata wawo, munthu wamtali, waphokoso, woseka mpaka agalu a kwa aneba kuyamba kuuwa. Paulendo wina anagula makina osewerera magemu pa kanema, ndipo masiku opuma ankathera pamenepo akutukwana zilombo za pasikirini. Kenaka shuga anawadya maso, lamanzere poyamba, lamanja chaka chotsatira. Mkazi analibe, ana anali kutali. Anafika kwa mng'ono wawo ndi sutikesi imodzi ndi katoni yomanga ndi chingwe.

Chaka choyamba sanatuluke m'chipindamo kupatula popita kubafa ndi kuchimbudzi. Za kunja kwa geti anakaniratu. Ankati anthu amene anawaona akubweza m'mbuyo thiraki ya matayala makumi awiri ndi awiri ndi dzanja limodzi asawaone akupapasa khoma. Mbale zinkabwerera kukhitchini chakudya chitangolawidwa. A Malilime akasuzumira ankapeza msana wokha, nkhope ili kukhoma, ndipo ankabweza chitseko pang'onopang'ono. Munthu wozolowera kunena mawu a ena anasowa ake.

Lamlungu lina masana a Dalaivala anaitana, n'kulamula kuti katoni ija itulutsidwe pansi pa bedi. Zingwe zonse zitalumikizidwa pabalaza, anapapasa padi, kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri, n'kuiika m'manja mwa mng'ono wawo.

“Iwe ukhale maso ndi zala,” anatero. “Mutu ndi wanga.”

Magemu amene a Dalaivala ankakonda anali a nkhani zazitali, opangidwa kutali. Anthu a m'menemo ankayankhula chinenero chimene panalibe wochimva m'nyumbamo, koma mawu awo ankalembedwa m'Chingerezi m'munsi mwa sikirini. Choncho a Malilime ankawerenga, kumasulira, kufotokoza zooneka, ndi kudina mabatani monga mwa lamulo. Lamlungu lililonse, kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka. A Dalaivala anayamba kudya. Chifukwa cha chimenecho chokha a Malilime anapirira, pakuti magemuwo ankadana nawo ndi mtima wonse.

Anayesa kuthawa. Anabwera ndi mabuku a kulaibulale, nati angathe kuwerenga ola limodzi tsiku lililonse. Anakonzetsa wailesi kuti achimwene awo azimvera masewero. A Dalaivala anamvetsera masamba atatu n'kuyamba kuyasamula. Anati m'buku munthu amakhala pampando wa pasenjala, wolemba akakhotera kuphompho iwe ungopemphera, pamene m'gemu, ngakhale misewu yonse ikathere malo amodzi, wokhota ndiwe. A Malilime anati wokhota ndi iwowo, popeza zala ndi zawo. Anauzidwa kuti chiwongolero sichiyankha dalaivala.

M'zaka ziwiri anamaliza magemu asanu, ndipo kwa a Malilime inali gemu imodzi yosintha malaya. Mnyamata amadzuka ataiwala dzina lake. Kwawo kwapsa. Nkhalamba ina imamuuza kuti iye yekha ndiye angapulumutse dziko, koma ayambe kaye wakatolera bowa khumi wa mayi wina wa kumsika. A Malilime ankamasulira zonsezi mokhulupirika akukukuta mano. Kukhoti ankamva nkhani zopeka tsiku ndi tsiku, koma abodza a kukhoti ankayesetsako kusinthasintha. Chimene chinkawanyansa koposa n'chakuti gemu iliyonse inali ndi mnzake wa mnyamatayo, munthu wabwino, wanthabwala, ndipo nkhani ikangopitirira theka ankamupha n'kuika kanyimbo ka limba kuti wosewera alire. Akazi awo ankati akamva kanyimboko ali kukhitchini amadziwa kuti kwagwanso maliro a anthu osabadwa.

Munthu yekha wakunja amene a Dalaivala ankamulola kuwaona anali wometa wa pakona ya msewu, amene ankabwera ndi mashini ake pakatha masabata awiri aliwonse. Wometayo anali katswiri wa magemu, makamaka pa mbali ya kuwadandaula. Pakhomo pa shopu yake panali benchi pamene osewera a m'deralo ankakhala akaweruka: wowotcherera zitsulo, namwino wina wa pakamwa pakuthwa, ndi mphunzitsi wa masamu amene anali atalumbira kanayi kuti magemu wasiya. Ntchito yawo inali kukangana za mathero. Wometayo ankabweretsa mikanganoyo pakhonde pamodzi ndi thaulo. Ankati wowotcherera akulimbikira kuti gemu yosathera pa chilombo chachikulu ndi umbava, namwino akuti mathero osaliritsa ndi a ana, pamene mphunzitsi watulukira kuti opanga magemu onse anakopera kwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ataledzera. A Dalaivala ankamvetsera khutu lili tcheru, n'kumutuma wometayo mayankho oti akapereke kubenchi. Pakatha masabata awiri mayankho a mayankhowo ankafika atazizira.

Gemu yachisanu ndi chimodzi inali ya dziko limene misewu yake inafa. Mnyamata wa nthawi zonse uja, ulendo uno akukumbukira dzina lake, ananyamula bokosi la mbewu kupita nalo kumzinda wa kumapeto kwa msewu. Womuperekeza anali mayi wina wachikulire, woyendetsa thiraki yakale yofuka utsi. A Dalaivala anamukonda mayiyo kuyambira Lamlungu loyamba. Ankafunsa mmene wakhalira pampando, ngati chigongono chili pawindo, ngati amayang'ana magalasi asanakhote. Atamva kuti waimitsa ulendo chifukwa injini yasintha kaliridwe, anamenya ntchafu nati amene analemba munthu ameneyu anakwerapo thiraki. Ankafunsa za iye ngakhale Lachitatu m'mawa, ngati kuti mng'ono wawo angakumane naye panjira ya kukhoti.

A Malilime ankadziwa chimene chikubwera. Maliro oterowo anali atawamasulira kasanu.

Chinafika pamlatho. Adani anali m'mbuyo. Mayiyo anatsitsa mnyamata ndi bokosi lake, n'kupingasa thiraki pakati pa mlatho, iye osatsika. Ananena mawu ochepa pawailesi ya m'galimoto. Kenaka moto unadzaza sikirini, kanyimbo kaja n'kuyamba.

“Chaphulika n'chiyani?” anafunsa a Dalaivala atagwira mkono wa mpando. “Watuluka mayi uja?”

A Malilime anayang'ana zilembo za m'munsi. Chimene chinawadzaza sichinali chisoni koma mkwiyo. Anthu a kutaliwo, ndi ulesi wawo wonse, abwerezanso chinyengo chomwechija, ndipo iwo ndiwo ayenera kuchinyamula pakamwa kukachitula pa munthu amene wangoyamba kumene kumaliza mbale yake.

“Akuti watuluka,” anatero. “Wavulala mwendo. Akuti amusiya pagalaja ina kuti achire.”

A Dalaivala anafunsa chifukwa chake nyimboyo ili yachisoni chotero. Anayankhidwa kuti ndi ya thiraki. Anavomereza ndi mutu, nati n'zoona, thiraki imaliridwa.

Kuyambira pamenepo a Malilime anakhala ndi munthu winanso womusamala m'nyumba. Gemuyo inali yodzaza mapepala otola m'nyumba zosiyidwa, onena kumene kuli mafuta ndi zipolopolo, ndipo iwo anawasandutsa makalata ochokera kugalaja. Akuti mwendo ukupola. Akuti wapeza thiraki ina yofa giyabokosi ndipo akuikonza. Mnyamata uja atagwada pamanda akulira, a Malilime anati akudzala mbewu, kufwenthako ndi fumbi. Nthawi ya nkhomaliro kukhoti ankakhala pabenchi ya mboni akulemba kuseri kwa mapepala akale zimene mayiyo adzanene Lamlungu. Anachita kupita kwa makaniko kukafunsa mmene amatsitsira giyabokosi, poopa kuti achimwene awo angawagwire pa sipanala yolakwika. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti ntchitoyo inkawayendera bwino.

Akazi awo, amene ankaona sikirini podutsa ndi zochapa, anangoti bodza ndi mwana wakhanda, silisamala kuti watopa, limafuna kuyamwa basi. Ananena zoona. Lachinayi lina bambo wokalamba anaima m'bokosi la mboni n'kunena mawu owawa okhudza mwana wake woimbidwa mlandu, ndipo a Malilime anamva lilime lawo likufunafuna mawu ofewerapo. Anadzigwira n'kumasulira mmene zinalili, koma anatuluka thukuta mpaka kolala inanyowa. Zoterezi zinali zisanawachitikirepo.

Panalinso wometa. A Malilime, amene sankakonda kupempha munthu kanthu, anapatukira kushopu kwake n'kumufotokozera mwachidule ataima pakhomo. Wometayo anaseka mpaka kasitomala anadzuka pampando poopa khutu lake. Analonjeza kuti atseka pakamwa, kenaka anawatsekereza theka la ola kuwauza kuti gemuyo iye anaimaliza kale, ndipo akanadziwa, maola makumi asanu amenewo akanawathera pabedi. Anafuna kuwauza mathero ake. A Malilime anakana, nati chigamulo sachimva umboni usanathe.

Lonjezolo linakhala mwezi ndi theka.

Loweruka lina m'mawa a Dalaivala anali pakhonde, thaulo lili m'khosi, mashini akulira. A Malilime ankapukuta nsapato za kuntchito chapafupi, chifukwa masiku amenewo awiriwo sankawasiya okha. Wometa anali pa nkhani yake ya nthawi zonse, yakuti zamukwana za magemu a dziko lophwasuka, kulikonse dzimbiri, kulikonse mwana wamasiye, ngati opanga magemuwo sanaonepo nyumba yokhala ndi denga. A Dalaivala anamusiya atope. Kenaka anafunsa mofatsa ngati m'gemu yake nayenso mayi uja anatsiriza kukonza thiraki yachiwiri.

Wometa anayang'ana a Malilime. A Malilime anagwedeza mutu mwamphamvu, burashi ili m'mwamba, kumuuza ndi milomo yokha kuti avomere. Wometa anatsegula pakamwa, koma chala chake chinali chitazimitsa kale mashini.

“Mashini aima bwanji?” anatero a Dalaivala.

“Magetsi, madala.”

“Nanga firiji ikulira m'nyumbamu ikuyendera makala?”

A Dalaivala anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera fungo la polishi.

“Iwe, anafera pamlatho paja eti?”

“Inde, achimwene.”

A Dalaivala anati anadziwa Lamlungu lomwelo kuti penapake pakhota. Kwa zaka ziwiri mng'ono wawo wakhala kazembe, mfiti, chidakwa ndi chinjoka, ndipo zonsezo amazinena ngati mwini wake: ndine wolamula kuno, lero ndikudya. Koma za mayi ameneyu, kuyambira pamlatho, zonse zinali akuti, akuti, ngati miseche ya pamsika. Anati munthu amene pakamwa pake sipazolowera bodza amalibwereketsa kwa wina.

A Malilime anafunsa chifukwa chake sananene. Anayankhidwa kuti makalatawo anali abwino, makamaka ya giyabokosi ija, ndipo analipo masiku amene a Dalaivala ankalakalaka atakhala olakwa iwowo. Kuyamikirako kunawalasa a Malilime kuposa chitonzo. Anayamba kufotokoza za magemu asanu aja, za kanyimbo, za ulesi wa olemba, koma achimwene awo anakweza dzanja.

“Gemu ikhale yopusa, bola ndi yathu tonse. Awa akamakangana pabenchi pawo amakangana za chinthu chimodzi, ine n'kumaponyako mawu anga. Tsono iwe wandipangira yangayanga. Ndikangana ndi ndani za thiraki imene kulibe? Ndinali m'chipinda chimodzi, wandimangira chachiwiri.”

Anavula thaulo n'kulowa m'nyumba akupapasa khoma, mutu uli wometa mbali imodzi. Chitseko chakumbuyo chinatsekedwa mosamenyetsa.

Mawa lake 2 koloko inakwana pabalaza pali a Malilime okha, padi ili pamiyendo. Lamlungu lotsatira chimodzimodzi. Mbale zinayambanso kubwerera. Akazi awo sanawadzudzule, ankangoika mbalezo patebulo pamene amuna awo angazione, ndipo bola akanadzudzula. A Malilime anayesa kupepesa pachitseko kawiri, kawiri konse mawu awo anatuluka ngati kalata ya ku ofesi. Chitseko sichinatseguke.

Masiku amenewo anakwiyira aliyense. Anakwiyira opanga magemu, wometa ndi chala chake, makaniko amene anawaphunzitsa bwino mopitirira. Ankayenda kupita kuntchito akudzifunsa kuti munthu wa zaka makumi asanu, wovala tayi, wafika bwanji povutika mtima chifukwa cha mayi wojambula. Koma msana uja woloza kuchitseko anali atauona chaka chathunthu, ndipo sankafuna kuuonanso.

Anabwerera kwa wometa. Gemu yawo inali itasunga za m'tsogolo pamwamba pa za m'mbuyo, moti pamlatho sakanathanso kubwererapo. Koma wometayo, pokhala munthu wosakhulupirira opanga magemu, ankasunga malo aliwonse padera. Anawaikira malo a pamlatho aja pa kafulashi kolowetsa m'makina, n'kuwauza kuti akuwamvera chisoni, chifukwa akuvutikira mathero osayenera n'kuwayatsira magetsi komwe.

Lamlungu lachitatu a Malilime anasenza kanema ndi makina aja kukaziika pampando m'kanjira ka pakati pa zipinda, pafupi ndi chitseko cha achimwene awo. Chingwe cha magetsi sichinafike, anakatenga cha ayironi. Anakweza mawu n'kuyendetsa thiraki mpaka pamlatho. Atafika pa mawu a pawailesi aja anaimirira monga amaimira kuntchito, manja ali kumbuyo, n'kumasulira molunjika chitseko.

“Mwana iwe, usayang'ane kuno. Za mabuleki a thiraki iyi ndinakunamiza, anatha kalekale, ndinkaimitsa ndi magiya. Thamanga. Bokosilo usaligwedeze.”

Zinali zokhazo. Mayiyo analibe mawu ena, ndipo a Malilime sanamuwonjezere. Kanyimbo kanalira mpaka kutha. Anali atayamba kuganiza zozula zingwe pamene m'chipindamo munatuluka funso, lakuti mayiyo anatseka mlatho ndi mutu wa thiraki kapena ndi ngolo. Anayankha kuti ndi ngolo. Kenaka bedi linalira, chitseko n'kutseguka. A Dalaivala, tsitsi lili lalitali mbali imodzi, anati ndi mmene akanachitira iwonso. Analamula kuti chilichonse chimene chinakhotetsedwa chibwerezedwe, pepala ndi pepala, ngakhale la zipolopolo.

Zinawatengera masabata asanu. A Dalaivala sankaseka ngati kale, ndipo nthawi zina ankaimitsa gemu n'kufunsa ngati mawu akutiakuti wanena ndi wa m'gemu kapena wovala tayi. A Malilime ankameza funsolo n'kuyankha. Atafikanso pamanda paja anati ndi manda.

Mathero anafika masana ena otentha. Mnyamata analowa mumzinda wa kumapeto kwa msewu n'kupeza mulibe munthu. Anatsegula bokosi, nati, “Tafika.” A Malilime anawerama kuyandikira sikirini, anapukuta magalasi awo, n'kunena kuti mbewu zonse zafumbwa, mwatsala fumbi ndi anankafumbwe awiri. Panatuluka mawu ouza wosewera kuti asankhe kukhala mumzindamo kapena kubwerera. A Dalaivala anasankha kubwerera. Mnyamata anaponya mapazi khumi, sikirini inada, mayina a opanga gemu n'kuyamba kukwera. Analamula kuti ayesenso, ulendo uno asankhe kukhala. Mnyamata anakhala pansi, sikirini inada, mayina omwewo.

“Basi?”

“Basi, achimwene.”

“Sukundibisira kanthu?”

“Ndikanakonda pakanakhala kobisa.”

Kenaka a Dalaivala anayamba. Anati mayi wathunthu, wodziwa kuimitsa thiraki ndi magiya, wafera anankafumbwe. Anati wolemba nkhaniyo ali ngati dalaivala wonyamula katundu mtunda wonse n'kukagona pageti la fakitale osatsitsa. Anafunsa zimene a kubenchi ananena. A Malilime anati malinga ndi wometa, namwino uja amati mathero amenewa ndiwo abwino koposa onse, chifukwa moyo ndi wotero. A Dalaivala anaimirira mwamphamvu mpaka mpando unagunda khoma.

“Nsapato zanga zili kuti?”

A Malilime anati wometa abwera Loweruka, angathe kumutuma. A Dalaivala anati nkhani iyi si yotuma munthu. Akazi a Malilime, amene ankamvetsera ali pakhomo la khitchini, anakatulutsa nsapatozo pansi pa wadirobu, n'kuzipukuta nkhungu ndi kansalu.

Anatuluka pageti dzanja la a Dalaivala lili paphewa la mng'ono wawo. Mtunda wake unali wa mphindi zisanu koma anauyenda mphindi khumi ndi zisanu, chifukwa wotsogoleredwayo ndiye ankalamula: chepetsa, wandigwetsera m'dzenje, njinga imeneyo sunaione? Mayi wina wa pagolosale anawapatsa moni modabwa, a Dalaivala n'kuyankha mwachidule ngati munthu wochedwa kumsonkhano.

Pabenchi anawapeza onse atatu. Wometa anatuluka chipeso chili m'manja. Wowotcherera anasendera kupereka malo. A Dalaivala sanadikire kuti moni athe. Anafunsa kuti namwino ndi uti, n'kutembenuzira thupi lonse kumene kunachokera mawu.

“Mayi, ndamva kuti inu anankafumbwe aja anakusangalatsani. Tandifotokozereni bwinobwino, nthawi ndili nayo.”

Namwinoyo sanali munthu wobwerera m'mbuyo. Anati wofuna mathero okoma akagule switi. Mphunzitsi analowerera kuti onse awiri akulakwa, nkhaniyo inafera pamlatho ndipo zotsalazo zinali kuyenda ndi mtembo. Wowotcherera anati iye akanakhululuka zonse pakanakhala chilombo choti achimenye. Posakhalitsa onse ankayankhula nthawi imodzi, mawu a a Dalaivala ali pamwamba. Unabuka mkangano wakuti potsegula bokosi mnyamatayo anati ndafika kapena tafika, pakuti namwino ankati m'mawu amodzi amenewo mayi uja ali momwemo. A Dalaivala anaitana mng'ono wawo kuti achitire umboni. A Malilime ananena mmene zinalembedwera, ndipo zinathandiza namwino. Achimwene awo anawatcha mboni yogulidwa n'kupitiriza.

Pabenchi panalibe malo a munthu wachisanu. A Malilime anaima ola lathunthu, malaya ovala mawa asanasitidwe, akumva akuluakulu anzawo akukalipirana chifukwa cha bokosi la mbewu zojambula. Atafunsa ngati angathe kupita kaye kunyumba n'kudzawatenga nthawi ina, a Dalaivala anati ayi, angafunikenso. Wometa anawatulutsira chidebe n'kuchizondotsa, ndipo anakhalapo.